Funso la mwana wanga landisowetsa tulo

Dzulo tikuchokera ku Misa kuno ku Ulongue m'dziko la Mozambique, mwana wanga wa zaka 9 anandifunsa kuti: "Ababa, mukanakulira kwa amalume anu ku Furancungo, bwenzi muli Mkatolika?" Ndinakhala kaye chete. Kenako ndinamuyankha zoona: mwina ayi.

Ine ndine Mkatolika chifukwa agogo anabatizidwa ku mishoni ya Lifidzi. Amalume analowa kudambwe ali mnyamata, ndipo Gule Wamkulu amaulemekeza ndi mtima wonse monga momwe ine ndimalemekezera Ukaristiya. Gule yemweyu, amene tili ana tinkauzidwa kuti ndi zachikunja, bungwe la UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, linamuzindikira mu 2005 ngati chuma cha anthu a ku Mozambique, Malawi ndi Zambia.

Zandikumbutsa kadzidzi. Akalira padenga, amayi ankati maliro ali pafupi. Wina akamwalira patapita masiku, tonse tinkati, "Mwaonatu!" Koma usiku wambirimbiri umene analira popanda womwalira, palibe ankauwerenga. Tinkasunga m'mutu zokhazo zogwirizana ndi zimene tinauzidwa kale. Chonsecho mbalameyi imasaka usiku, imadzera makoswe a m'nkhokwe basi. Lero ndikudziwa zimenezi, komabe ndikaimva mtima umagunda.

Sindikusiya kupemphera, ayi. Koma mwanayu sindimukalipira kuti akufunsa za akuluakulu, monga ankatichitira ife. Loweruka ndikupita naye kwa amalume kuti akawafunse yekha.