Mmene ndinamangira kwaya yathu ka Facebook kakekake

Kwaya yathu ili ndi anthu 34, tikawerengera ndi agogo aja amene amangotulukira pa Khrisimasi. Ine ndine mlembi. Udindowu anandipatsa chifukwa ndili ndi laputopu, osati chifukwa cha mawu, poti mawu angawa aphunzitsi a kwaya anawathamangitsira kumzere wakumbuyo kalekale.

Tsiku lina titaweruka ku pulakatisi, a tcheyamani anandikokera pansi pa mtengo wa mango. "A mlembi, makwaya anzathu ali ndi webusaiti. Nafenso tikhale nayo. Anthu aziona masiku a pulakatisi, zithunzi zathu, ndi nambala yotumizira ndalama za chimbale." Zinthu zitatu basi. Ndikanamvera, bwenzi pano ndikuyenda mutu uli m'mwamba.

Ndinalipira malo osungira webusaiti otchipitsitsa, aja mumapanikizana pa seva imodzi ndi anthu ena ambirimbiri ngati mu minibasi ya m'mawa, n'kuikapo WordPress, pulogalamu yomangira webusaiti. Madzulo amodzi okha ntchito inatha. Koma bandulo inali isanathe, ndipo munthu wa bandulo yotsala sagona. Ndinayamba kuyendayenda pa YouTube mpaka ndinakumana ndi pulagini, kutanthauza kapulogalamu koonjezera pa WordPress, yotchedwa BuddyPress. Yaulere! Ukaiika, webusaiti imasanduka bwalo la macheza: aliyense amakhala ndi tsamba lake ndi chithunzi, atha kupempha mnzake ubwenzi, kutumizirana mauthenga achinsinsi, kutsegula magulu, ndipo pamakhala khoma loonetsa zonse zimene anthu akuchita. Ndinawerenga kuti inatuluka mu 2009, komanso kuti City University of New York inamangirapo malo ochezera aphunzitsi ndi ophunzira ake. Yunivesiteyo ili ndi ophunzira opitirira 200,000. Ife tilipo 34. Masamu amenewa sanandiuze kanthu usiku umenewo.

Pulaginiyi siikakamiza munthu ayi. Ili ndi timabokosi, mbali iliyonse kabokosi kake, kuti usankhe zimene ukufuna. Wanzeru amachonga kamodzi kapena tiwiri. Ine ndinachonga tonse, monga amachitira mlendo wanjala paukwati: mpunga, nsima, tchipisi, nkhuku, thobwa, zonse mbale imodzi. Kenako ndinachonga kabokosi ka WordPress kolembedwa kuti "Anyone can register", kutanthauza kuti aliyense atha kulembetsa. Mumtima ndinkati aliyense wa m'kwaya. Intaneti inamva kuti aliyense wa pansi pa thambo.

Lamlungu ndinalengeza monyadira, taye ili pakhosi. Analembetsa anthu 9. Enawo anati bandulo yawo ndi ya WhatsApp yokha, siitsegula masamba ena. Ena analibe imelo, pamene kuti akaunti itseguke umayenera kudina kaye linki imene yabwera pa imeloyo. Mwa 9 aja, 6 anaiwala pasiwedi tsiku lomwelo, ndipo ankandiimbira 5 koloko m'mawa ngati kwagwa maliro.

Mlandu woyamba unabwera Lachitatu. Mayi msungichuma anapempha ubwenzi kwa akazi a tcheyamani, ndipo pempholo linangokhala osayankhidwa. Anthu awa amakhala benchi imodzi zaka 12, amabwerekana zitenje, koma pa pulakatisi sanapatsane moni. "Ngati sakundifuna angonena," anatero mayi msungichuma, akundiyang'ana ine. Pamene akazi a tcheyamaniwo sankadziwa n'komwe kuti pali batani loti avomere.

Mlandu wachiwiri ndi umene anthu amaukambabe. Pamwamba pa khoma paja pali kabokosi kofunsa kuti chatsopano n'chiyani. Mnyamata wina wa besi, wofatsa, woti akamayankhula amayang'ana nsapato zake, anaganiza kuti m'menemo ndi molembera uthenga wachinsinsi. Analemba dzina la mtsikana wina wa sopulano, n'kupitiriza kuti: "Mukamayimba mtima wanga umasowa mtendere. Ndakhala ndikuopa kunena chaka chonse. Musauze munthu." Uthengawo unakhala pa tsamba loyamba la webusaiti ya kwaya, pamwamba penipeni pa chithunzi cha abusa. Tsiku limenelo ngakhale aja a bandulo ya WhatsApp yokha anapeza ndalama yogulira ina.

Pamene izi zinkachitika, nambala ya mamembala inkakwera. 60. 300. Patatha milungu iwiri inafika 1,400. Ndinathamangira kwa a tcheyamani thukuta lili kamukamu. "Bwana, tatchuka kunja!" Mayina ake anali odabwitsa ndithu, ena a zilembo za ku Russia, ena ongosakaniza zilembo ndi manambala, koma ndinati azungu ali ndi mayina awo. A tcheyamani anaimirira m'tchalitchi n'kulengeza kuti Mulungu watsegula makomo, kwaya ili ndi otsatira kutsidya kwa nyanja. Amayi analuluta.

Sanali anthu. Anali maroboti, timapulogalamu timene timayendayenda pa intaneti usana ndi usiku kufunafuna khomo losatseka. Tikalowa timatsegula akaunti n'kuyamba kumata malonda. Ine ndinali nditawasiyira khomo, mpando ndi khoma lomatapo.

Ndinazindikira izi pa msonkhano wa akuluampingo, kumene anandiitana kuti ndikaonetse chitukukochi. Ndinalumikiza laputopu ku pulojekita, nsalu yoyera itapachikidwa pakhoma. Tsamba linachedwa kutseguka, kenako linabwera. Pamwamba, juga ya pa intaneti. Pansi pake, ngongole zopanda chikole. Pansi pakenso, mankhwala opatsa abambo mphamvu, ndi chithunzi chimene sindingachifotokoze pano. M'chipindamo munangoti zii. Mkulu wina wokalamba anavula magalasi, anawapukuta ndi taye, anawavalanso, n'kufunsa mwaulemu kuti, "Kodi a mlembi, amenewa amayimba mawu anji?"

Ndinadina uku ndi uku kuti ndithawe, ndipo webusaiti inandichitira chifundo: inagwa. Tsamba linangoyera, n'kutsala kamzere kamodzi ka Chingerezi konena kuti pachitika vuto lalikulu. Nditafika kunyumba ndinapeza imelo ya eni seva yoti ndapitirira malire a mphamvu zimene ndinalipira. Zinali zoona. Kamalo kotchipa kaja kanali koyenera masamba atatu, osati msika wa maroboti 1,400.

Amene anandipulumutsa ndi mwana wa mlongo wanga, wa Fomu 4. Analowa mu cPanel, tsamba loyendetsera malo athu aja a pa seva, anatsegula foda ya wp-content, kenako ya plugins, n'kusintha dzina la foda ya buddypress. WordPress itaisowa pulaginiyo inangoizimitsa, webusaiti n'kudzuka. Sizinathe ndi mphindi zitatu zomwe.

"Malume, anthu anuwa amacheza kuti masiku onse?"

"Pa gulu la WhatsApp."

"Onse alimo?"

"Onse. Ndi agogo omwe."

"Nanga alipo amene anapempha malo ena ochezera?"

Ndinakhala chete.

"Ndiye ichi chinali cha ndani?"

Ndinamuuza kuti ana a masiku ano alibe ulemu, n'kumugulira Fanta.

Kufufuta maroboti kunanditengera usiku wonse, chifukwa WordPress imaonetsa mayina 20 pa tsamba limodzi. Nditafufuta masamba 50, mwana uja anadzuka kukamwa madzi, n'kundionetsa kabatani ka Screen Options kamene ndikanasinthira nambalayo kuti azioneka mazana nthawi imodzi. Mwangozi ndinafufutanso mayi msungichuma. Anati akudziwa amene wandituma.

Lero webusaiti yathu ili ndi tsamba limodzi: masiku a pulakatisi, zithunzi 6, ndi nambala ya ndalama za chimbale. Kabokosi kolembetsa ndinakachotsa chongi. Wa besi uja ndi wa sopulano anachita chinkhoswe mu Ogasiti, ndipo ankhoswe anandipatsa ntchafu ya nkhuku pamaso pa anthu onse. A tcheyamani okha ndi amene sanamvetsebe. Mu lipoti la chaka chino, pansi pa mutu wa zovuta, analemba kuti chifukwa cha kusasamala kwa mlembi, kwaya yataya otsatira 1,400 a kunja.