Chilembo K chija

Tulo tandithawa, ndiye ndingolemba. Masana ndinaonetsa modelo yanga ya masamu yosanthula ngozi zapamsewu kwa mayi wina wachikulire wa kuntchito, amene anayamba kuwerengera ngozi zapamsewu ine ndisanaigwirepo kompyuta. Sabata yonse ndakhala ndikuisula: mixed logit (njira ya masamu yoyezera mwayi woti chinthu chichitike), ngozi za zaka khumi m'thumba limodzi, kufuna kuona chimene chimachititsa kuti dalaivala atuluke bwinobwino kapena asatuluke konse. Kunena zoona ndinapita ndikudzimva.

Anangoyang'ana pang'ono, n'kuvula magalasi. "Mwanawe, zaka zonsezi wazisakaniziranji? Dalaivala wa 2010 ndi wa 2020 ukumuyesa munthu mmodzi?"

Ndinati, "Mayi, deta ikachuluka m'pamene zotsatira zimalimba." Anaseka, ndipo kusekako ndi kumene kukundiwawabe. Akuti galimoto zasintha. Ku America kuyambira 2012 galimoto zing'onozing'ono zatsopano zimayenera kukhala ndi chipangizo choletsa kuterereka chija cha electronic stability control. Foni nazo zalowa m'manja mwa oyendetsa. Ndiye 2020, Covid itatsekera anthu m'nyumba, misewu ya kumeneko inapepuka koma omwalira anachuluka, poti opeza msewu uli pululu ankangoponda moto. Anatchulanso Fred Mannering, katswiri wofufuza za ngozi zapamsewu, amene mu 2018 analemba za vutoli, la temporal instability, kutanthauza kuti mphamvu ya zinthu zokulitsa ngozi imasintha zaka zikamapita. Ine dzinali ndimalidziwa, ndinangolinyalanyaza dala chifukwa kugawa chaka ndi chaka ndi ntchito yotopetsa.

Ndinagawabe. Likelihood ratio test, njira ya masamu yofananizira mamodelo, inakana kuti zakazo n'zofanana. Mphamvu ya kuyenda usiku pa kukula kwa ngozi inkangosinthasintha, pamene lamba wa m'galimoto yekha sanagwedezeke, lamba yemweyu wa Nils Bohlin wa ku Volvo, wa 1959. Pamenepo ndinamwetulira ndekha.

Koma si zimenezo zandisowetsa tulo. Apolisi a ku America amalemba kukula kwa ngozi ndi zilembo, KABCO: O ndiye galimoto yokha yaphwanyika, C munthu akudandaula ululu wosaoneka, B mabala ooneka, A wavulala kwambiri, K wapita. Ngozi zambiri za O sizifika n'komwe m'kaundula, anthu amangogwirizana pamsewu pomwepo, ndiye modelo imaona dziko loopsa kuposa mmene lilili. Posefa mizere ya deta ndinadandaula mokweza kuti ma K achepa m'chaka china, ndipo masamu sakukhazikika. Mayi aja anandiyang'ana, osanena kanthu. Kaya anandimva bwanji. Mawa ndiyenera kuwabweretsera matebulo atsopano, koma fayiloyo sindinaitsegulenso