Kabichi wanga ndi mbuzi ya agogo ku Moatize

Kwathu ku Ulónguè kabichi sachita kumunyengerera. Mphepo yozizira ya kumtunda kwa Angónia imamukomera, ndipo aliyense wokhala ndi dimba amadula mitu yoti mwana kulephera kunyamula. Choncho ntchito itanditsitsira ku Moatize, kwa malasha kuja, ndinafika ndi mbewu m'thumba la jekete, ndipo mu Okutobala ndinafesa nazale kuseri kwa nyumba.

Agogo oyandikana nawo, omwe kwawo ndi ku Furancungo, anasuzumira pampanda.

"Mwanangu, mukufesa chiyani mwezi uno?"

"Kabichi, agogo."

"Kuchigwa kuno? Kabichi, repu ndi anyezi timafesa mvula ikamasiya, m'Malichi kapena Epulo, kuti zikule ndi chisanu cha Juni ndi Julaye. Nyengo ino n'ja therere ndi bonongwe, zosaopa dzuwa."

Ndinawathokoza ndi manja awiri, koma mumtima ndinangoti mwana wa ku Angónia ndani angamuphunzitse kabichi.

Amene sanaonepo Okutobala wa m'chigwa cha Zambezi asatsutse. Kutentha kumadutsa madigiri 40, ngakhale agalu amaleka kuuwa. Mbande zomwe ndinawokera madzulo, pofika masana a mawa lake zinali zitasanduka mfutso. Sindinagonje ayi. Ndinamanga chisakasa cha udzu, n'kuphimbira mabedi ndi mapesi, n'kumathirira mbandakucha ndi madzulo dzuwa litapendeka, madzi ake ogula pachidebe. Mapesiwo anaitana chiswe, ine n'kuchithira phulusa. Zotsala zija zitangoyamba kudzuka, nsabwe zinadzaza kunsi kwa masamba.

Apa agogo anandimvera chisoni. Anati ndisinje masamba a nimu, ndiwaviike usiku wonse, ndisefe, ndiikemo kasopo pang'ono kuti mankhwala amamatire, ndipopere madzulo. Ine, pofuna kuti nsabwezo zidziwe kuti zalakwira munthu wolakwika, ndinawonjezera piripiri wodzaza manja awiri. Zotsala ndinazisiya m'beseni lalikulu pafupi ndi bafa.

Mbuzi za ku Tete n'zotchuka mpaka ku Maputo, amati nyama yake imakoma chifukwa chodya masau ndi malambe. Chimene satchula n'chakuti zilibe mwambo. M'mawa wa Loweruka ndili m'bafa, thovu m'mutu, ndinamva kuti khwapu khwapu kudimba. Chiswe chija chinali chitadya nsanamira ya mpanda mwakachetechete, ndipo tonde wa agogo anali atalowa, akudya kabichi wanga mzere ndi mzere, nimu, sopo, piripiri, zonse, kwinaku akugwedeza ndevu posonyeza kuti zakolera.

Ndinatuluka ndi thaulo lokha, chikho cha madzi m'manja, ndikukuwa. Tondeyo anazemba kumanzere, ine sopo wa kumapazi ananditengera kumanja, ndipo ndinakhala phwaa! m'beseni muja.

Abale, piripiri sathamanga. Anandipatsa kaye mpata woti ndidzuke ndi kukonza thaulo pamaso pa ana omwe anali atadzaza pampanda. Kenako anayamba ntchito. Gule amene ndinavina pabwalopo ngakhale ngoma ya kwathu sinafikepo, ndipo ana aja anayamba kuwomba m'manja motsatira mapazi. Lolemba pokwera chapa, mipando ilipo, ndinauza kondakitala kuti ndimakonda kuimirira.

Madzulo ake agogo anafika akukoka tonde wawo ndi chingwe, tondeyo akuyetsemula.

"Pepani mwanangu, ndamva zakugwerani. Zikupola?"

"Pang'onopang'ono, agogo."

Anayang'ana zitsa za kabichi, n'kundipatsira kamtokoma ka mbewu za therere kokulunga m'pepala.

"Izi mudzale mvula ikagwa. Koma mukapoperanso, sopoyo muchepetse, ameneyu ndikupha pa Khirisimasi. Tsabolayo musiye momwemo."