Sabata yosaka zowerenga za Chinyanja ku Angónia

Ntchito yanga ndi yothandiza aphunzitsi a m'makalasi a zilankhulo ziwiri kuno ku Angónia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, momwe mwana amayamba kuwerenga m'Chinyanja, Chipwitikizi n'kumalowa pang'onopang'ono. Njirayi idayesedwa koyamba kuno ku Tete ndi ku Gaza kuyambira 1993 mpaka 1997, boma n'kudzaikhazikitsa mu 2003. Koma mpaka lero aphunzitsi akasonkhana, dandaulo ndi lomwelo: ana akatha buku la m'kalasi alibe china chowerenga.

Lolemba ndi Lachiwiri ndidakhalira pa kompyuta ku Ulongué, netiweki ikubwera n'kumathawa. Pa Glottolog, pomwe adasanja mabuku ofotokoza zilankhulo za dziko lonse, mndandanda wa Chinyanja ndi wautali ndithu, ndipo dikishonale ya Chimang'anja ya David Clement Scott ya 1892 imapezeka yonse pa intaneti. Mnzanga wa Chinyungwe ndidamupezera galamala ya bambo Victor Courtois a ku mishoni ya Boroma. Ndi chuma, sindikukana, koma adalembera mlendo wofuna kuphunzira chilankhulo chathu, m'Chingerezi kapena m'Chipwitikizi. Mwana wa kalasi yachiwiri sangatolepo kanthu.

Chomwe chidandithandiza kwambiri n'kuona mmene anzathu akutali amachitira. Amaori a ku New Zealand, ataona chilankhulo chawo chikuzilala, mu 1982 adayambitsa masukulu a mkaka otchedwa kōhanga reo, momwe agogo amacheza ndi tiana m'Chimaori chokhachokha. Nkhokwe za mawu ojambulidwa monga ELAR ndi PARADISEC zidandiphunzitsa dongosolo: kulemba malo, tsiku, wolankhula, ndiponso amene mwini mawu walola kuti azimvera.

Lachitatu ndidakwera chapa (minibasi) wa ku Calómuè n'kuwolokera ku Dedza kukagula timabuku ta nthano. Aphunzitsi ena amakana timabukuti chifukwa ku Malawi amalemba "ch" pomwe ife m'masukulu, potsata kalembedwe kamene kadayamba kukonzedwa mu 1988 pa msonkhano wa NELIMO, gulu lofufuza zilankhulo za ku Mozambique, timalemba "c". Ine ndimati tiwapatse anawo. Kusiyanako mphunzitsi amakufotokoza m'mawa umodzi, pomwe kusowa chowerenga kumapha chidwi chaka chonse.

Tsiku lenileni lidali Lachinayi, m'mudzi wina cha ku Dómuè. Tidayamba tapita kwa amfumu, iwo n'kutilozera kwa agogo ena odziwika ndi nthano. Tidawapeza akusankha mbatatesi pakhonde.

"Agogo, tabwera kudzapempha nthano zoti adzukulu anu aziwerenga kusukulu."

"Nthano masana, mwanawe? Dikirani dzuwa lipendeke."

Tidadikira. Madzulo ana atazungulira, adangoti "Padangokhala," onse n'kuvomera "Tili tonse," ine foni ndaika pamtondo wovundikira. Adasimba za Kalulu, kenako adaimba nyimbo ya gule wa ngoma yokhala ndi mawu a Chingoni amene ngakhale mphunzitsi wa m'mudzimo sadawamve. Atafika pa nyimbo za kuchinamwali adatambasula dzanja: "Zimitsani, izi si za pafoni." Ndidazimitsa, ndipo papepala langa ndidalemba kuti gawo limenelo eni ake sadalole. Zimandipweteka ndikaganiza za mawu a makolo ochuluka amene adatengedwa m'midzi ngati uno popanda wofunsa, eni ake osadziwa n'komwe kumene adakasungidwa.

Lachisanu tidakhala pansi ndi aphunzitsi kulemba zomwe tidajambula. Nthano imodzi idatidyera masana onse, chifukwa tidakangana ngati tiwongole Chinyanja cha agogowo kuti chifanane ndi cha m'buku. Tidagwirizana kusiya mawu awo momwe adawalankhulira, tingokonza kalembedwe. Mphunzitsi wina waluso lojambula watenga mapepalawo kuti aikemo zithunzi. Mawu a Chingoni aja tawalemba padera, Lolemba tikafunse madoda a ku Tsangano tanthauzo lake tisanasindikize.