Tsiku lomwe mwana wanga anandiyalutsa pamaso pa ofisa wa parole

Abale mantha ndi oipa. Bambo a mwana wanga akhala kundende zaka 3 ndiye mwezi wathawu anandiimbira kuti awapatsa parole, ija yoti umatuluka nthawi yako isanakwane koma chilango ukumalizira panja, uli ndi malamulo ako, ola lofikira pakhomo, kukaonekera kwa ofisa, osangonyamuka ulendo osapempha. Koma asanatuluke pamayenera kubwera ofisa kudzaona kaye nyumba yomwe azikakhala, akaikana munthu amatha kutsalira mkati mpaka papezeke adilesi ina.

Mawu oti akaikanawo ndi amene anandipengetsa.

Ndinakolopa masiku atatu. Makatani ndinachapa, pamwamba pa friji pomwe sipanafikepo dzanja chilowereni mnyumbamo ndinapukuta, mpaka mababu ndinatsuka ngati ofisayo abwera ndi makwerero. Fungo la bulichi galu wa aneba anasiya kubwera. Kenako achemwali anga, amene ngakhale khomo la khoti sanalionepo koma amadziwa chilichonse, akuti iwe zaukhondozo alibe nazo ntchito, iwo amafufuza zida, mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Apa sananame ayi, kungoti ine ndinapyola muyeso. Mipeni yonse yakukhitchini ndinakasungitsa kwa aneba, sizasi, hamala, olo kachowengera zikhadabo. Botolo la wine lomwe ndinasunga zaka zonsezi kuti tidzamwe tsiku lotulukalo ndinalikhuthulira mu sinki misozi ili mbwembwembwe. Perefyumu nayenso anapita nditawerenga kuti muli alcohol kkkk.

Usiku womaliza ndikusesa kunsi kwa bedi ndapeza kamfuti ka madzi ka mwana wanga, kapulasitiki kobiriwira. Ndati nditaye, iye kulira ngati wafedwa, ndiye ndinakabisa mu friji mkabokosi kapansi kaja ndikumuuza kuti ichi ndi chinsinsi chathu usauze munthu. Mwana wa zaka 5. Ine ndi ukulu wanga wonsewu.

Ndimayembekeza chibambo chamaso ofiira, kunabwera mayi wamfupi ndi kafayilo mmanja, waulemu wake. Makatani aja sanawaone nkomwe. Anafunsa kuti timakhala angati mnyumbamo, ngati pali wina amene anamangidwapo, ngati ndavomera ndi mtima wanga kuti bambowo abwerere pakhomo, komanso ngati ndikudziwa kuti iwo azitha kungotulukira osanena. Anayang'ana ngati soketi zikugwira, ati mwina bambowo adzawaveka kachipangizo kakumwendo koonetsa komwe munthu ali ndipo kamafuna kutchaja. Zonse zimayenda bwino ine ndikungoti inde bwana, ayi bwana.

"Mayi, muli ndi mfuti kapena chida chilichonse muno?"

"Ayi bwana, olo mpeni tilibe."

Anadzutsa mutu. "Nanga mumadulira chani?"

Ndisanapeze bodza labwino, kamawu kuseri kwa sofa: "Mfuti ilipo, amami abisa mu friji. Ati ndisauze munthu."

Eee. Miyendo inazizira, mmimba munachita kubwadamuka. Ulemu wa mayi uja unathera pomwepo, nkhope gwaa, anandiuza kuti ndiime pomwe ndililipo ndisagwire kanthu. Ine kufotokoza mawu osatuluka, ndimangoti ndi yamadzi, ndi yamadzi, ngati munthu waludzu. Anatsegula friji yekha pang'onopang'ono, kukoka kabokosi kaja, ndikutulutsa kamfuti kobiriwira kozizira bwino kakudontha madzi. Tonse zii. Ndiye mwana uja poona kuti wapeza womumvera anapitiriza lipoti: mipeni ili kwa aneba, hamala ili kwa aneba, ndipo wine anamwa ndi sinki.

Mayi uja analuma mlomo, mapewa akugwedezeka, kenako anangophulika mpaka kukhala pansi. Atapuma anati mipeni yakukhitchini mukatenge, munthu ayenera kudya, ndipo chidole chonga ichi si nkhani, koma chizolowezi chobisa zinthu musiye chifukwa ndi chimene chimatichititsa kukaika. Ndati basi ndapulumuka. Anatsegulanso fayilo.

"Chatsala ndi kalata ya alandilodi yovomera kuti bambowa azikhala pano."

Alandilodi. Masiku atatu ndikutsuka mababu, munthu mmodzi yekha wofunika kumuuza sindinamuuze. Anandipatsa mpaka Lachisanu, ndinathamanga madzulo omwewo nsapato mmanja. Mwamwayi madalawo sanavute, anabwera kudzaona okha, kuyang'ana makoma, kuyang'ana mababu, akuti ngati ndende imayeretsa nyumba yanga chonchi ndisaina kawiri.

Nyumba inavomerezedwa, bambo akutuluka sabata yamawa. Dzulo anaimba foni funso loyamba linali loti sinki yamwa bwanji wine wawo, ndiye mukudziwa kale amene anayankha foniyo. Aneba mipeni anabweza, kupatula wakuthwa uja, akuti sakukumbuka kuti unalipo.