Kugula graphics card yakale: musatulutse ndalama musanaone GPU-Z

Aliyense wa kuno ku Mulanje amene akufuna kuika graphics card (khadi lojambula zithunzi pa sikirini) m'kompyuta yake kuti azisewera magemu ayambe watsegula kesi ndi kuwerenga kapepala komatidwa pa power supply (kabokosi kogawa magetsi mkati mwa kompyuta), chifukwa kapepalako ndi kamene kamagamula khadi limene angagule. Makompyuta ambiri amene timagula ogwiritsidwapo kale ntchito ndi ochokera m'maofesi, a Dell OptiPlex kapena a HP, ndipo power supply yake imakhala yofooka komanso yopanda chingwe cha 6-pin chopatsira khadi magetsi. Yanga ndi OptiPlex 7010 yaikulu ija, ya Core i5-3470 ndi power supply ya 275W. Amene muli ndi yopyapyala ija, ya 240W, muli ndi vuto linanso, pakuti m'kesi mwanu mumalowa khadi lalifupi lokha limene amati low profile.

Anzanga a ku Chitakale amene timapikisana nawo pa gemu ya mpira ya PES 2021 ankandikakamiza kugula RX 580 ya 8GB, ndipo sankanama, chifukwa khadi limeneli, lomwe kampani ya AMD inatulutsa mu 2017, limapikisana bwinobwino ndi GTX 1060 ya 6GB ya kampani ya NVIDIA. Koma limadya 185W palokha, pamene GTX 1060 imadya 120W, ndipo onse awiri amafuna chingwe chimene kompyuta yanga ilibe. RX 570 nayo imaisiya kutali GTX 1050 Ti pa liwiro, koma imafuna 150W. Motero ndinatsala ndi makhadi amene amakhutira ndi magetsi ochokera pa motherboard, bolodi lalikulu limene khadi limalumikizidwapo: GTX 750 Ti ya 2014, yomwe 2GB yake yayamba kuchepa, GTX 1050 Ti ya 2016 ya 4GB, ndi GTX 1650 ya 2019 yomwe ndi yamphamvu kuposa ziwirizi koma mtengo wake unandithawa, makamaka chichokereni pamene kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023. Ndinasankha 1050 Ti.

Sitolo ina ya ku Limbe inalengeza pa WhatsApp kuti ili nayo, yatsopano m'bokosi, pa mtengo wotsika modabwitsa. Ndinakwera minibasi ya mbandakucha yodzera ku Midima, mu fulashi muli kapulogalamu kaulere ka GPU-Z kamene kamaonetsa zenizeni za mkati mwa khadi, ndipo ndinafika akutsegula kumene. Nditapempha kuti khadilo aliike m'kompyuta ndisanalipire, mnyamata wa pa kauntala anati, "Achimwene, kuyesa kuli ndi ndalama yake, ndipo siibwezedwa." Ndinafunsa ngati ndalamayo amaichotsera pa mtengo munthu akagula, iye anati ayi, ndi lamulo la abwana. Ndinalipira. Nditangolipira m'pamene anandiuza kuti amisiri amene amayesa zinthu sanafike. Ndinakhala pa benchi mpaka dzuwa linafika pamutu, amisiri atafika magetsi anathima, magetsi atayaka amisiri anali atapita kukadya nsima, ndipo nthawi yonseyo palibe anandilola ngakhale kugwira bokosilo.

Atalitsegula madzulo, chinthu choyamba chimene ndinaona kumbuyo kwa khadilo chinali doko la buluu la VGA lolumikizira sikirini. GTX 1050 Ti yeniyeni ilibe VGA, imakhala ndi DVI, HDMI ndi DisplayPort basi, chifukwa NVIDIA inasiya njira yakale ija pa makhadi a m'badwo umenewu. Amisiri analiika m'kompyuta yawo n'kundionetsa monyadira kuti Windows ikulemba GTX 1050 Ti. Windows imangowerenga dzina limene lalembedwa mu BIOS ya khadi, kapulogalamu kokhala mkati mwa khadi lenilenilo, ndipo dzinalo akuba amalisintha. Nditatsegula GPU-Z kuchokera mu fulashi yanga, kutsogolo kwa dzinalo kunatuluka mawu akuti FAKE, ndipo pa ma shader, tizigawo timene timagwira ntchito yojambula zithunzi, panalembedwa 192 m'malo mwa 768. Imeneyo inali GTS 450 ya 2010 yoivekedwa dzina la mnzake. Makhadi oterewa amayaka bwino, amaonetsa zithunzi bwino, koma gemu ikangofuna memory yoposa imene ilipodi, kompyuta imauma kapena kuzima, ndipo ma driver atsopano, mapulogalamu oyendetsa khadi, amakana kulowa.

Chimene chimandipweteka mpaka lero si khadi labodzalo, pakuti akuba alipo paliponse, koma ndalama yoyesera ija. Mwini sitolo atabwera anandiyankha mofatsa kuti, "Bambo, inu munapempha kuti tiyese, ife tayesa." Zili ngati wogulitsa chinanazi pamsewu akulipiritse kuti akudulire, mkati mupezeke mowola, iye n'kunena kuti ntchito yodula wagwira. Ndinalipira kuti ndiwaululire katundu wawo wachinyengo, ndinaluza tsiku lathunthu la ntchito ndi ndalama ya minibasi kupita ndi kubwerera, ndipo ndikutuluka ndinaona mnyamata uja akubwezera khadilo m'bokosi n'kuliikanso pa shelefu pomwe linali. Choncho funsani za kuyesa pa foni musananyamuke, ndipo pemphani chithunzi cha GPU-Z, osati cha bokosi.

Ndisanaiwale, kwa inu amene power supply yanu ndi yamphamvu ndipo mtima uli pa RX 580: pali ina yolembedwa 2048SP imene inapangidwira msika wa ku China, ndipo mkati mwake ndi yofanana ndi RX 570, pakuti yeniyeni ili ndi ma shader 2304. Komanso ambiri mwa makhadi a RX amenewa anagwira ntchito usana ndi usiku pokumba ndalama za pa intaneti, ndipo anasefukira pamsika ndalama ina yotere yotchedwa Ethereum itasintha kachitidwe kake mu September 2022. Khadi lotero likhoza kukhala labwinobwino, koma mafani ake amakhala otopa, ndiye muwazunguze ndi chala khadi lisanayatsidwe, mumve ngati akukhula kapena kugwedera. GTX 1060 ya 3GB si ya 6GB yochepetsedwa memory chabe, ma shader akenso ndi ochepa, 1152 m'malo mwa 1280. GTX 970 imalembedwa 4GB koma memory yothamanga bwino ndi 3.5GB yokha. GT 1030 ilipo ya memory ya GDDR5 ndi ya memory ya DDR4, ndipo ya DDR4 musaiyandikire. Zonsezi wogulitsa sangakuuzeni, koma zambiri mwa izo GPU-Z imazionetsa poyera. Musatulutse ndalama musanaione.

Khadi limene ndikugwiritsa ntchito pano, GTX 1050 Ti yeniyeni, ndinalipeza kwa mphunzitsi wina wa ku Luchenza amene ankafuna kukwera kupita pa lina lalikulupo. Ndinanyamula kompyuta yanga yomwe n'kupita nayo kunyumba kwake, tinaliika, GPU-Z inaonetsa 768 ndi 4GB ya GDDR5, kenako tinayatsa FurMark, pulogalamu yogwiritsa khadi ntchito yaikulu, kwa kanthawi kuti tione kutentha kwake. Linatentha kuposa mmene ndinkafunira, koma titamasula zomangira tinapeza fumbi litatseka mipata yonse ya chitsulo choziziritsira, ndipo thermal paste, phala lothandiza kuchotsa kutentha, inali itauma gwa mpaka kumayoyoka. Tinapukuta, tinapaka yatsopano, kutentha kunatsika. Sanandilipiritse kanthu pa kuyesako. Gemu ya GTA V ikuyenda bwino pa 1080p bola osakweza zonse mpaka pamwamba, PES 2021 siikudodoma, ndipo power supply ya 275W ija ikupirira popanda kuisintha.