Timizere tija tatha pa boneti, ndipo gwero lake linali ku marimu

Loweruka lapitali, dzuwa lili paliwombo, ndinatulutsa galimoto pakhonde n'kuiimika pabwalo, ndipo kwa nthawi yoyamba m'masabata awiri ndinayang'ana boneti osaona timizere tozungulira tija tooneka ngati ukonde wa kangaude. Anzanga amene muli ndi galimoto zakuda mukudziwa kuti pamthunzi penti iliyonse imaoneka yabwino, koma dzuwa la mwezi wa Okutobala kuno ku Zomba limaonetsa poyera chilichonse chimene dzanja lako linachita. Galimoto yake ndi Toyota Corolla Fielder ya 2013, imene inachokera ku Japan kudzera ku Dar es Salaam, ndipo nambala ya penti yake, yolembedwa pakachitsulo ka pakhomo pamene pali zilembo za C/TR, ndi 209, yomwe ndi penti yakuda.

Zipsera zake zinali za mitundu itatu. Panali madontho a utomoni amene anagwera padenga ndi pa boneti tsiku limene ndinaimika galimoto pansi pa mitengo ya paini pafupi ndi damu la Mulunguzi, panali malo awiri amene zitosi za mbalame zinadya penti, ndipo panali timizere tija, timene tinabwera pang'onopang'ono chifukwa chotsukitsa galimoto m'mbali mwa msewu, kumene ndowa imodzi ndi nsalu imodzi zimayambira kumatayala n'kukathera padenga. Utomoni sunavute. Ndinanyowetsa kansalu ndi sipiriti, n'kukasanjika pa dontho lililonse kwa kanthawi kuti lifewe, ndipo linkachoka popanda kukhula. Nditatsuka galimoto yonse ndi ndowa ziwiri, ina ya sopo ndi ina yotsukuluzira, ndinayendetsa clay bar, kanthu kofewa ngati dongo kamene kamazula tinyansi tomatirira pabodi, mpaka penti inasiya kukhakhala pansi pa zala. Kenako ndinapitirira pa mzere uliwonse ndi chikhadabo, chifukwa pamene chikhadabo chakodwa ndiye kuti kukalikako kwalowa kwambiri ndipo polishi sangakuchotse. Mizere iwiri yokha ya pachitseko cha kumbuyo ndi imene inakola chikhadabo, ndipo imeneyo ndinaisiya dala.

Vuto lenileni linayamba pa kupolisha. Tsiku loyamba ndinagwiritsa ntchito polishi wina wa m'botolo amene ndinali naye kale, ndinapaka ndi dzanja, ndipo pofika madzulo boneti inali kuwala ngati galasi. Patapita masiku atatu ndinatsuka fumbi, ndipo timizere tonse tinabwerera pamalo pake ngati sindinagwirepo ntchito. Chifukwa chake sichinali chovuta kuchimvetsa: polishi wamtunduwu amakhala ndi mafuta amene amangodzaza m'timizeremo kuti kuwala kwa dzuwa kusamwazike, koma sasalaza clear coat, yomwe ndi penti yapamwamba yopanda mtundu imene imakuta penti yonse, choncho sopo akachotsa mafutawo zonse zimaonekeranso. Kuyambira pamenepo ndinadziikira lamulo lakuti malo alionse amene ndapolisha ndiziwapukuta ndi sipiriti wosungunula ndi madzi ndisanaweruze ngati ntchito yatheka.

Ulendo wachiwiri ndinatenga makina opolishira a dual action, omwe amazungulira uku akugwedezeka, siponji yolimba pang'ono, ndi Meguiar's Ultimate Compound, yomwe ndi polishi wopala penti pang'ono pamwamba, imene msuweni wanga ananditumizira kuchokera ku Johannesburg. Ndinadula boneti pakati ndi tepi kuti ndizifanizira mbali ziwirizo, ndipo ndinkagwira kachigawo kakang'ono nthawi imodzi, m'mamawa chitsulo chisanatenthe, popeza pa boneti yotentha compound imauma msanga n'kusanduka ufa isanagwire ntchito. Timizere tozungulira tinachokadi. Koma nditawalitsa tochi ndinapeza timizere tina tatsopano, tosaoneka bwino koma tochuluka, ndipo ndinataya masiku anayi ndikufunafuna kumene tinkachokera. Poyamba ndinaganiza kuti siponji yadzaza ndi compound youma, choncho ndinaichapa, ndinaiyanika, ndipo ndinayamba kuitsuka ndi kaburashi pambuyo pa kachigawo kalikonse. Sizinasinthe. Ndinaganiza kuti mwina ndikukanikiza kwambiri makina, ndiye ndinapepuza dzanja n'kuchepetsa liwiro. Ndinasintha n'kuika siponji yofewa ndi polishi wosalala womalizira, koma timizere tinalipobe. Tsiku lina magetsi anazima ndili pakati pa ntchito, ndipo ndinakhala pampando kwa nthawi yaitali ndikungoyang'ana boneti ndi tochi, mtima uli wolemera, chifukwa ndinkadziwa kuti ulendo uliwonse umene makina adutsa, penti ikuchepa.

Nkhawa imeneyi si yachabe. Penti yonse ya kufakitale, kuphatikiza primer (penti yoyamba yapansi), mtundu ndi clear coat, nthawi zambiri imakhala pakati pa ma micron 100 ndi 150 (micron imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita), ndipo clear coat yokha imakhala pafupifupi 40 kapena 50, kutanthauza kuti ndi yopyapyala kuposa pepala la m'kope. Ndiyo imene imateteza mtundu ku dzuwa, ndipo ikatha sibwereranso pokhapokha galimoto itapoperedwanso. Zimenezi ndinaziphunzira mowawa zaka zapitazo pa Corolla yanga yakale, pamene ndinabwereka makina opolishira a rotary, omwe amangozungulira mwamphamvu, n'kukhalitsa nawo pamphepete pa fenda, ndipo m'kanthawi kochepa kwambiri panatulukira kachigamba kotuwa ka primer kamene ndinayenda nako mpaka tsiku logulitsa galimotoyo. N'chifukwa chake masiku ano ndimamata tepi m'mphepete monse ndi pamizere yotukuka ya bodi ndisanayatse makina.

Pa nthawi yomwe magetsi anazimayo m'pamene ndinazindikira chinthu chimene ndinayenera kuchiona tsiku loyamba. Timizere tatsopanoto sitinali tozungulira ngati mmene makina amayendera, koma tinali towongoka, toyenda kuchokera kugalasi kupita kutsogolo, ndendende mmene dzanja langa limayendera popukuta. Wolakwa sanali makina kapena compound, koma nsalu. Ndinatenga CD yakale, ndinaipukuta kumbali yonyezimira ndi imodzi mwa nsalu zanga za microfibre, ndipo inakalika pomwepo. Nditafufuza ndinapeza kuti nsalu zonse zinkachapidwa mu beseni limodzi, zopukutira penti pamodzi ndi zimene ndimatsukira marimu, kenako n'kuyanikidwa pachingwe cha kumpanda kumene kumafika fumbi la msewu. Fumbi la mabuleki si dothi wamba, muli tizidutswa ta chitsulo toperesuka ku disiki ndi ku mapadi, ndipo nsalu ya microfibre inapangidwa kuti izigwira tinthu totere osatitaya. Choncho makina ankasalaza penti bwinobwino, ine n'kubwera pambuyo ndi nsalu kudzaikalanso.

Mawa lake ndinakwera minibasi kupita ku Limbe, ku kasitolo kena ka zipangizo za penti kamene ndakhala ndikugulako kwa zaka zambiri. Ndimakakonda chifukwa bambo amene amagulitsamo anayamba ndi kupopera galimoto asanakhale wamalonda, ndipo sakugulitsa chinthu asanafunse ntchito imene ukufuna kugwira. Nditawafotokozera anangoti, "Achimwene, nsalu ya kumatayala isamaonane ndi ya pabodi, ngakhale pachingwe." Kuno ku Zomba sopo, sipiriti, tepi ndi sandipepala wokhakhala zimapezeka m'masitolo a hadiweya ozungulira msika, koma sandipepala wosalala kwambiri wa nambala 2000 ndi 3000 (nambala ikakula, sandipepala amasalalanso) ndi masiponji a makina ndimakazipeza ku Limbe komweko. Ndinagula nsalu zachikasu za penti ndi zakuda za marimu, ndipo tsopano zachikasu zimachapidwa pazokha ndi sopo wamadzi, zimaumira m'nyumba, ndipo zimasungidwa m'chidebe chotseka. Nditabwereza boneti kamodzi kokha ndi siponji yofewa n'kupukuta ndi nsalu yatsopano, tochi sinapezenso kanthu.

Popeza vuto linachokera ku marimu, ndinaona kuti ndi bwino kuwagwirira ntchito mokwanira m'malo momangowapukuta kumaso. Ndinakweza galimoto ndi jeke, ndinaikhazika pa masitandi, ndipo ndinkachotsa gudumu limodzi nthawi imodzi. Akumbuyo, kumene kuli mabuleki a dramu, anali ndi matope ofiira okha amene anachoka ndi madzi ndi burashi. Akutsogolo anali nkhani ina. Aliyense amene amatsika kawirikawiri msewu wochokera ku Ku Chawe akudziwa mmene phazi limakhalira pa buleki m'makhota onse aja, ngakhale utaika giya yotsika, ndipo fumbi lotentha limene limatuluka pamenepo limamatirira pa rimu n'kulowerera mu clear coat yake. Mkati mwa marimu awiriwo munali chikhungu chakuda cholimba, ndipo kumaso kunali timadontho tofiirira timene sopo ankangotidutsa.

Apa ndinagwiritsa ntchito mankhwala osungunula fumbi la chitsulo otchedwa iron remover, ndipo ndiyenera kunena kuti mwa mankhwala onse amene ndagula chiyambire zimenezi, awa ndi amene sindinong'oneza nawo bondo. Umapopera pa rimu yozizira ndiponso pamthunzi, ndipo pakapita mphindi zochepa madzi ofiirira ngati a bitiruti amayamba kuchucha, chifukwa mankhwala a thioglycolate amene ali mmenemo amagwirana ndi chitsulo n'kuchisungunula. Fungo lake ndi lofanana ndi la mankhwala opemera tsitsi ku saluni, choncho ndi ntchito ya panja, ndipo magolovesi ndi ofunika. Chachikulu n'chakuti asaumire pa rimu. Ndinabwereza katatu pa gudumu lililonse lakutsogolo, ndikutsuka ndi burashi yofewa pakati pa masipoko ndi mswachi wakale m'mabowo a manati, ndipo phula la mumsewu limene linatsalira mkati ndinalichotsa ndi parafini pang'ono. Pali anzathu ena amene amayamikira mankhwala a asidi chifukwa choyeretsa msanga, koma ine sindiwalola pakhomo panga. Ena mwa iwo amakhala ndi hydrofluoric acid imene imalowa pakhungu n'kuwononga mnofu wamkati munthu asanamve kuwawa, komanso pamene clear coat inang'ambika, asidi amalowa pansi pake n'kuyamba kudya aluminiyamu.

Rimu ya kutsogolo kumanzere inali itakhulidwa m'mphepete ndi simenti ya ngalande, ndipo mozungulira balalo munali mutayamba kutuluka ufa woyera uja umene umasonyeza kuti aluminiyamu akudyeka pansi pa penti. Ndinasalaza ndi sandipepala wa 400, kenako 800, ndinapukuta ndi sipiriti, ndinatchinga tayala ndi tepi ndi manyuzipepala, ndipo ndinapopera etch primer (primer yogwira pa chitsulo chopanda penti), siliva, ndi clear coat, mopyapyala maulendo angapo. Siliva wa m'chitini watuluka wowalirapo kuposa wakale, ndipo ukagwada pafupi malire ake akuoneka, zimene sizikundisangalatsa ngakhale kuti kudyekako kwaima. Marimu enawo ndinawapaka wax kunja ndi mkati kuti fumbi lisamagwire msanga, koma wopoperedwayu ndikudikira kuti penti yake iyambe yakhwima. Pobwezeretsa magudumu ndinayamba kumanga manati ndi dzanja, modumphanitsa, ndipo galimoto itatsika ndinamaliza ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, pa 103 Nm, muyezo umene Toyota imapereka pa galimoto zimenezi, osati kupondera sipanala ndi phazi monga ambiri amachitira.

Malo awiri a zitosi aja akadalipo padenga. Compound inawachepetsa koma mkombero wake ukuonekabe dzuwa likapendeka, ndipo ndikudziwa kuti chotsatira ndi sandipepala wa 3000 wonyowa, chinthu chimene sindikufuna kuchiyamba ndisanapeze kachipangizo koyezera kuchindikala kwa penti, makamaka poti denga ndi limene lapsa kwambiri ndi dzuwa. Mvula yoyamba isanagwe ndikufuna ndimalize zitseko zonse zinayi, denga ndi chitseko cha kubuti, ndiike ceramic coating, mankhwala amene amauma n'kukhala chikuto cholimba choteteza penti, pagalimoto yonse, ndipo ngati mpata upezeka ndichotse matayala pa marimu onse anayi, ndiwakhule mpaka pachitsulo n'kuwapopera mtundu umodzi wotuwa moderapo kuti nkhani ya siliva wosiyanayo itheretu. Mwa inu amene munapoperapo marimu pakhomo ndi penti ya 2K, ija yosakaniza ndi mankhwala olimbitsa, ndingakonde kumva mmene munatetezera ntchito yanu ku fumbi la chilimwe ndiponso mtundu wa chophimba kumphuno chimene munavala.